Chigaza chovala chisoti chachifumu pakhoma la ku Chibavi

Kumene ndimametetsa tsitsi ku Chibavi, mwini malo adaitana mnyamata wina kuti amukongoletsere khoma la kutsogolo. Ankayembekezera zomwe tonse tidazolowera: mitu itatu kapena inayi yometedwa bwino, sizasi, chipeso, ndi mitengo ya kametedwe m'munsi mwake. Mnyamatayo adajambuladi zimenezo, koma pakona adaonjezerapo zake. Adaikapo mutu wooneka ngati chigaza, mano onse ali pamtunda, maso ali psu, pamwamba pake chisoti chachifumu cha nsonga zitatu. M'mbali mwake adalemba mawu angapo, ena n'kuwakhwatcha. Sabata isadathe, amayi ena ogulitsa nthochi chapafupi adamuitanira mwini malo uja pambali. "Achimwene, zasataniki mwatiikira apazi n'zachiyani? Ana athu amadutsa pano popita kusukulu." M'mawa mwake chigaza chija chidaphimbidwa ndi penti woyera.

Amayiwo sindikuwaseka ayi. Adaona bwino kuti m'chithunzicho mudali zauzimu, kungoti adaphonya kuti ndi mzimu uti. Nayenso mnyamatayo sadaganizepo za Satana. Adatola chinthu chamwini chomwe adachiona pa foni, osadziwa ulendo womwe chidayenda chisadafike ku Mzuzu.

Ulendowo udayambira ku Philadelphia ndi ku New York, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pomwe achinyamata a m'makomboni osauka adayamba kulemba maina awo pamakoma ndi pasitima zapamtunda. Mmodzi wa iwo ankangolemba kuti TAKI 183 paliponse pomwe wadutsa, ndipo mu 1971 nyuzipepala ya New York Times idalemba za iye. Poyamba padalibe zauzimu zilizonse, udali mpikisano wa maina basi. Koma msewu udawaphunzitsa kajambulidwe kena kake komwe kadakalipo mpaka lero. Wojambula pakhoma la eni ake amachita changu poti wapolisi angamupeze, choncho alibe nthawi yosalaza nkhope kuti ifanane ndi mwini wake. Amafuna chizindikiro chimodzi chachidule choti azichibwereza mpaka anthu achizolowere. Amasakaniza zilembo ndi zithunzi. Ndipo amajambula pamwamba pa zomwe ena adajambula kale, akudziwa kuti mawa wina adzabwera kudzajambula pamwamba pa zake.

Tsono munthu amene akufuna kuti woyenda mothamanga amve uthenga wake pa kuphethira kumodzi kwa diso amakabwereka kuti zizindikiro? Ku chipembedzo. Kumeneko n'komwe kuli nkhokwe ya zizindikiro zosafuna womasulira. Mtanda, nkhunda, mapiko a mngelo, njoka, moto, chisoti cha minga, kuwala kozungulira mutu wa woyera mtima: zonsezi ngakhale munthu wosapita kusukulu amaziwerenga.

Chisoti chomwe mnyamata wa ku Chibavi adakopera n'cha Jean-Michel Basquiat, wojambula wotchuka wa ku America. Adabadwira ku Brooklyn mu 1960, bambo ake adali a ku Haiti, amayi ake a mtundu wa ku Puerto Rico. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri adagundidwa ndi galimoto, ndipo ali m'chipatala amayi ake adamubweretsera buku la madokotala loonetsa mafupa ndi ziwalo za m'kati mwa thupi. Zigaza, nthiti ndi matumbo zomwe zadzaza m'zojambula zake zidachokera pamenepo, osati kumanda. Atasinkhuka adayamba kulemba timiyambi tododometsa pamakoma a ku Manhattan pamodzi ndi mnzake Al Diaz, n'kumasaina kuti SAMO. Pofika 1982 adali atachoka pakhoma, akujambula pazinsalu zikuluzikulu, pazitseko zotayidwa ndi pamatabwa otola m'misewu, koma dzanja lake lidakhalabe la mumsewu.

Chisoticho ankaveka anthu akuda omwe dziko la America lidawadyera masuku pamutu: ankhonya ngati Sugar Ray Robinson, oyimba ngati Charlie Parker. Pa chithunzi china cha 1982 adajambula wankhonya Joe Louis atakhala pakona ya bwalo, kuwala kwa oyera mtima kuli pamutu pake, anthu amuzungulira, ndipo adamutchula Joe Louis Woyera wozunguliridwa ndi njoka. Njokazo zidali anthu omwe ankadya ndalama zake. Apa Basquiat adachita zomwe Mpingo wa Katolika umachita polengeza kuti wakutiwakuti ndi woyera, kungoti iye sadapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Pa za mawu okhwatcha aja, mwini wake adafotokozapo kuti amawakhwatcha dala kuti anthu awaone kwambiri, poti chobisika chimakopa maso.

M'chaka chomwe adamwalira, 1988, ali ndi zaka 27 zokha, adajambula chithunzi cha Exu. Ameneyu ndi Eshu wa Ayoruba a ku Nigeria, mzimu wa pamphambano, mthenga pakati pa anthu ndi milungu, yemwe akapolo adapita naye ku Brazil ndi ku Cuba. Pomwe Baibulo linkamasuliridwa m'Chiyoruba m'zaka za m'ma 1800, dzina la Eshu ndi lomwe lidatengedwa kuti liimire Satana, ndipo kuyambira pamenepo ambiri amamuona ngati mdyerekezi. Choncho mlandu womwe amayi a nthochi aja adazenga khoma la ku Chibavi si wachilendo. Ndi wakale kuposa iwo ndi ine.

Mnzake wa Basquiat, Keith Haring, nkhani yake ndi yosavuta kuitsata chifukwa iye adakulira m'Chikhristu, ndipo ali mnyamata adalowerera kwambiri m'gulu la achinyamata otembenuka mtima. Kuyambira 1980 ankatsikira kumasiteshoni a sitima zapansi pa nthaka ku New York ndi choko m'manja, n'kumajambula pamapepala akuda omwe ankamatidwa pamalo a zotsatsa malonda zomwe nthawi yake yatha. Chizindikiro chake chidali khanda lokwawa lotulutsa cheza mbali zonse. Aliyense amene adaonapo chithunzi cha Yesu wakhanda m'chodyera cha ziweto sangavutike kudziwa komwe chezacho chidachokera. Haring ankadzudzula mipingo kwambiri, makamaka pa momwe inkachitira ndi odwala Edzi, ndipo m'zojambula zake zambiri mtanda ndi chida chomenyera anthu. Komabe mu 1989 adapenta khoma lonse la nyumba ya tchalitchi cha Sant'Antonio ku Pisa, m'dziko la Italy, ndipo milungu ingapo asadamwalire ndi Edzi mu February 1990 adamaliza chithunzi cha paguwa cha moyo wa Khristu. Chimodzi mwa zoumbidwa kuchokera pa icho chili mu tchalitchi chachikulu cha St John the Divine ku New York.

Imfa idawazungulira anthu amenewa, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chachiwiri chomwe zauzimu zidalowera m'ntchito zawo. Mu 1983 mnyamata wakuda wojambula, Michael Stewart, adagwidwa ndi apolisi pa mlandu wolemba pakhoma la siteshoni, adafika kuchipatala atakomoka, ndipo patatha masiku 13 adamwalira. Basquiat adajambula za imfayo pakhoma la nyumba yomwe Haring ankagwiriramo ntchito. Edzi ndi mankhwala ozunguza bongo zinkatenga anzawo mmodzimmodzi. Munthu woika maliro mwezi ndi mwezi sachedwa kuyamba kujambula angelo ndi mafupa. Ife amene tidaona zaka za m'ma 1990 kuno, pomwe malo okhomera mabokosi a maliro adachuluka m'mbali mwa misewu ngati magolosale, sitifunika kuuzidwa zimenezi.

Koma ndisapereke chithunzi choti zonse zidayambira ku America, poti kujambula mizimu pakhoma ife sitidaphunzire kwa iwo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira n'za Akafula, zoyera n'za Achewa, ndipo zoyerazo zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi nyau. Ojambulawo sankafuna kukongoletsa phanga. Ankaphunzitsa anamwali, ndipo chithunzi chilichonse chidali ndi mwambi wake womwe wosavinidwa sankaudziwa.

Ngakhale m'nthawi yathu ino, oyandikana nafe adayenda njira yawoyawo. Ku Dar es Salaam, komwe amalonda athu a mu msika wa Taifa amakaoda katundu, Edward Saidi Tingatinga adayamba mu 1968 kujambula ndi penti wa njinga pazidutswa za siling'ibodi, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Adaphedwa ndi chipolopolo cha wapolisi mu 1972, koma kajambulidwe kake kadafalikira mpaka kufika m'misika ya ziboliboli ya kuno. George Lilanga, Mmakonde yemwe adamwalira mu 2005, adatenga penti wowala yemweyo n'kujambula mashetani, timizimu ta makutu aatali, milomo yotambalala ndi zala zochepa, tikuvina, tikukangana, tikupita kuchipatala ngati anthu a m'tauni. Liwu loti shetani likhoza kumuopsa Mkhristu, chonsecho kwa Amakonde timizimuto si Satana wa m'Baibulo. Ku Kinshasa, Chéri Samba adayamba ngati wolemba zikwangwani, ndipo mpaka lero amalemba mawu ambirimbiri m'zithunzi zake, m'Chilingala ndi m'Chifalansa. Ku Congo komweko zithunzi za Mami Wata, mkazi wa mchira wa nsomba wopereka chuma posinthana ndi moyo wa banja, zidadzaza m'mabala ndi m'nyumba za anthu wamba. Ku Abidjan, Aboudia, wobadwa mu 1983, amatenga zomwe ana a mumsewu amakhwatchakhwatcha ndi makala pamakoma n'kuzisakaniza ndi nkhope za zigoba zosema za kwawo. Pa nkhondo ya 2011 adadzitsekera m'nyumba n'kumajambula ana a maso aakulu ndi mano a chigaza, moti sudziwa ngati ali moyo kapena ndi mizukwa.

Nanga msewu wa Mzuzu uli ndi chiyani? Sitima zapansi pa nthaka tilibe, ndipo penti wopopera ndi wodula moti palibe mnyamata angamuwononge usiku pakhoma la mwini. Makoma aakulu a mu tauni adatengedwa kale ndi makampani a foni, a sopo ndi a feteleza. Komabe taimani pa depoti kwa mphindi khumi muwerenge. Kumbuyo kwa minibasi ya ku Karonga kwalembedwa Salimo 23, ya ku Nkhata Bay ikuti "Tawonga Chiuta", ina ili ndi manja awiri opemphera pagalasi. Njinga za kabaza, zomwe kuno timati sakramento, zili ndi timawu take pa madigadi. Chikwangwani cha sing'anga chili ndi nsupa, njoka ndi mndandanda wa matenda, ndipo chayang'anizana ndi cha mpingo wa pentekosite chomwe chili ndi nkhunda ikutsika m'malawi a moto. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wa CCAP, akudutsa atavala zoyera ndi zakuda, ena atamanga chitenje cha msonkhano wa mpingo chokhala ndi mtanda ndi vesi. Zonsezi ndi zojambula za mumsewu, kungoti zathu zimalipiridwa ndipo zimachitika masana. Ojambula athu ambiri adaphunzira kugwira bulashi pa ntchito zoterezi, kusukulu ya zaluso ayi.

Vuto, lomwe ndi chuma chomwe, n'loti mumzinda uno chizindikiro chimodzi chili ndi eni ake angapo. Tengani mkango. Kwa Mrasta wa ku Nkhata Bay ndi Mkango wa fuko la Yuda wa pa Chivumbulutso 5:5, kutanthauza Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia yomwe idacheza m'dziko muno mu 1965 n'kusiya dzina pa malo oonera patali a paphiri la Zomba. Kwa mkulu wa mpingo vesi lomwelo likunena Yesu. Kwa wa boma ndi mkango wa pa chidindo cha dziko, womwe waima moyang'anizana ndi kambuku. Njoka ndiye imaposa apa. Ilipo ya m'munda wa Edeni, ilipo yamkuwa yomwe Mose adaipachika kuti olumidwa achire, ilipo yozengerera ndodo pa zizindikiro za chipatala. Kumwera kuli Napolo wogumula mapiri, pakati kuli Thunga wa ku kachisi wa mvula, ndipo Atumbuka akale adali ndi Chikang'ombe, mzimu womwe ankauganizira ngati chinjoka chachikulu. Kadzidzi ku Ulaya ndi mbalame ya nzeru, amamuika pa mabuku ndi pazipata za sukulu. Mumujambule pa khoma la sukulu ya mkaka ku Mchengautuwa muone ngati makolo abweretse ana.

Mitundu ya penti nayo siyankhula chinenero chimodzi. Choyera kutchalitchi ndi chiyero, pomwe pamiyambo yathu ndi mtundu wa mizimu, wa ufa wa nsembe. Chofiira ndi mwazi wa Yesu, ndi magazi a omenyera ufulu pa mbendera, komanso ndi nsalu yomwe imaikidwa pamsewu kapena pagalimoto kusonyeza maliro. Moto ndi Mzimu Woyera, ndi Gehena, ndi chitsamba cha Mose chomwe Apresibeteriya amachikonda, komanso ndi dzina lenileni la dziko lathu.

Pa zonsezi chomwe ndimadabwa kuti ojambula athu sachigwiritsa ntchito mokwanira ndi vimbuza. Nthawi zambiri ndikaona chithunzi cha vimbuza chimakhala cha wovina wokongola, nthenga kumutu, zikopa m'chiuno, litchowa m'manja, ng'oma zitatu kumbuyo, dzuwa likulowa. Chimenecho n'chithunzi cha pa kalendala. Vimbuza enieni ndi matenda, ndi mizimu yoyambitsa matendawo, komanso ndi gule wochiza. Wodwala savina kuti asangalatse anthu. Ng'oma imafufuza mpaka itapeza kamvekedwe ka mzimu womwe wamugwira, ndipo mizimu yambiri ndi yachilendo, ina ya Angoni, ina ya mitundu yakutali, ina ya zilombo. Munthu amakhala iye mwini komanso wina pa nthawi imodzi. Tsono taganizani: nkhope pamwamba pa nkhope, mzere wobwerezabwereza ngati kugunda kwa ng'oma, mawu a chinenero chomwe mwini thupi sachidziwa, ena olembedwa ena okhwatchidwa. Kajambulidwe ka mumsewu kamachita kukhala ngati kadapangidwira zimenezi. Bulashi yosalaza ya pa kalendala ija siingazithe.

Ndiponso vimbuza sadakhale patali ndi mtanda monga momwe timanamizira Lamulungu m'mawa. Nchimi zambiri, zomwe ndi asing'anga a mizimu a kuno, zimavala mikanjo yoyera yosokererapo mitanda yofiira, zimayamba ntchito ndi pemphero ndi nyimbo za m'buku. Chikanga wa ku Rumphi, yemwe m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ankakoka anthu kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia, adali wotero. Wojambula woika mtanda ndi litchowa pa chinsalu chimodzi sakusakaniza zosasakanizika. Akungojambula zomwe azakhali ake amachita, ngakhale mipingo yambiri imaletsa. UNESCO idalemekeza vimbuza mu 2005, pamodzi ndi gule wamkulu, koma ulemu wa ku Paris, kulikulu la bungwelo, sudasinthe zomwe bwalo la akulu a mpingo limagamula.

Za gule wamkulu ndingonena mwachidule, poti kuno si kwawo kwenikweni ngakhale Achewa tadzaza mu Mzuzu. Ali ndi eni ake, ndipo zina n'za kudambwe. Mnyamata wosalowa akajambula Kasiyamaliro kapena Chadzunda chifukwa choti azungu amakonda zigoba, asadabwe akulu akamufunsa kuti adamutuma ndani. Njira ina idaoneka ku Mua, komwe bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Kumeneko osema ndi ojambula adaika nkhani za m'Baibulo m'maonekedwe a Achewa, Angoni ndi Ayao, koma izi zidatheka patatha zaka zambiri za kukhala pansi ndi eni miyambo. Ena amatsutsabe kuti zigoba siziyenera kuikidwa poonekera, ndipo mkanganowo sudathe.

Kenaka pali msika. Ogula zithunzi za pachinsalu kuno ambiri ndi alendo odzaona nyanja ndi ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo wojambula wa ku Nkhata Bay kapena wa m'mbali mwa msewu mu tauni amadziwa zomwe zimayenda: mayi wosenza mtsuko, mlambe, asodzi m'bwato, njovu. Tsopano pawonjezeka "zauzimu". Mlendo akafunsa tanthauzo la kadontho kofiira pakona, wogulitsa wochenjera amapeka pompo kuti ndi diso la makolo, chonsecho penti adangodontha. Sindimuweruza, nayenso ali ndi lendi yoti alipire ku Zolozolo. Ngakhale Basquiat msika sudamusiye. Chithunzi chake china cha chigaza cha 1982 chidagulidwa mu 2017 pa mtengo wa madola 110.5 miliyoni a ku America, ndipo chisoti chomwe ankaveka anthu oponderezedwa lero chili pa malaya, pa zipewa ndi pa nsapato, zina n'kumatipeza m'mabelo a kaunjika. Chikafika pa foni ya mnyamata wa ku Chibavi chimakhala chitavulidwa kale Joe Louis ndi njoka zake, changotsala kaonekedwe.

N'chifukwa chake ndikaima pa chithunzi cha mtundu umenewu sindiyamba ndi kufunsa kuti chizindikirochi chimatanthauza chiyani, ngati kuti pali buku lomasulira maloto lomwe lingandiyankhe. Ndimayang'ana yemwe wavekedwa chisoti kapena kuwala kwa oyera. Akakhala wakabaza, mayi wophwanya miyala, kapena mwana wogona pa depoti, ndiye kuti wojambulayo wanena kanthu, ndipo wanena molimba mtima. Ndimayang'ana chomwe chaphimbidwa koma chikuonekerabe pansi pa penti. Ndimaonanso ngati chizindikirocho chimabwerabwera m'ntchito zake zina, chifukwa chomwe munthu amachibwereza kwa zaka ndiye chake, pomwe chongoonekera kamodzi nthawi zambiri chimakhala chobwereka.

Mnyamata uja ndidakumana nayenso ku Katoto akulemba chikwangwani cha malo ogulitsira nyama. Ndidamufunsa kuti chigaza chija chidali cha yani. Adayamba waseka, n'kunena kuti adangochiona pa Instagram. Titacheza pang'ono adaulula kuti pojambula ankaganiza za mkulu wake, yemwe adapita ku Joni kukasaka ganyu n'kubwerako m'bokosi pa thelera ya basi.

"Ndiye bwanji sudalembepo dzina lake?" ndidamufunsa.

"Ndidalemba, bambo. Ndi lomwe ndidakhwatcha lija."

Penti yemwe mwini malo adagula adali wamadzi, wotchipa, ndipo adangopaka kamodzi. Mvula ya Mzuzu sikhululukira penti wotere. Pofika mwezi wa April nsonga zitatu zija zidayamba kuonekeranso pansi pa zoyerazo, kenaka mano. Mwini malo akuti sagulanso penti wina mpaka mitengo itatsika. Amayi a nthochi adasunthira benchi yawo mbali ina, ndipo tsopano amagulitsa atalifulatira khomalo.